Aetruska: Eni Mizinda Amene Roma Anawameza

Aliyense amene anaphunzirako mbiri ya ku Ulaya anamvapo za Agiriki ndi Aroma. Pakati pa awiriwa panali mtundu wina umene mabuku ambiri amangoutchula chodutsa: Aetruska a ku Italy. Roma akadali kamzinda m'mbali mwa mtsinje wa Tiber, mizinda ya anthuwa inali italemera kale ndi chitsulo komanso malonda apanyanja. Zaka zambiri zimene titchule muno ndi za BC, Yesu asanabadwe, ndipo zimawerengedwa chobwerera: 600 BC ndi kale kuposa 400 BC.

Kodi Aetruska anali ndani, ndipo kwawo kunali kuti?

Kwawo kunali pakati pa Italy chakumadzulo, kuyambira mtsinje wa Arno kumpoto mpaka mtsinje wa Tiber kummwera. Aroma ankatcha chigawochi Etruria. Lero ndi Tuscany, kumpoto kwa Lazio ndi mbali ina ya Umbria. Eniake ankadzitcha Rasenna, Aroma ankawatcha Tusci kapena Etrusci, pamene Agiriki ankati Tyrrhenoi. Mayina opatsidwa ndi alendowa ndiwo anakhalitsa, pa chigawo cha Tuscany ndi pa nyanja ya Tyrrhenian.

Chiyambi chawo chimaoneka cha m'ma 900 BC, pamene anthu a m'timidzi tomwazikana anayamba kusonkhana pamwamba pa zitunda zotakasuka, zimene adani sakanazikwera mosavuta. Pa zitunda zomwezo m'pamene panadzakula mizinda ya Veii, Tarquinia, Vulci ndi Caere, amene lero ndi Cerveteri. Anthu a nthawiyo ankawotcha mitembo n'kuika phulusa m'mbiya, ndipo mbiya zina ankaziumba ngati tinyumba, denga ndi chitseko zomwe. Akatswiri ofukula zakale amatcha nyengoyi Villanova, potengera mudzi wa pafupi ndi Bologna pamene manda otere anapezeka mu 1853. Pofika m'ma 600 ndi m'ma 500 BC, Aetruska anali pachimake.

Nanga anachokera kuti?

Mkangano uwu unayamba Chikhristu chisanabwere. Herodotus, wolemba mbiri wachigiriki wa m'ma 400 BC, ananena kuti anachokera ku Lydia, m'dziko limene lero ndi Turkey. Akuti kunagwa njala, mfumu inagawa anthu ake pawiri, ndipo gawo lina linakwera ngalawa motsogoleredwa ndi mwana wake Tyrrhenus. Patapita zaka pafupifupi 400, Dionysius wa ku Halicarnassus anatsutsa. Iye anaona kuti chinenero chawo, milungu yawo ndi malamulo awo sizinkafanana n'komwe ndi za ku Lydia, choncho anati anthuwa ndi mbadwa za ku Italy komweko.

Umboni ukupendekera kwa Dionysius. Pansi pa mizinda yawo palibe chizindikiro cha khamu la alendo lofika mwadzidzidzi. Manda a nyengo ya Villanova amangopitirira mpaka kukhala manda a Aetruska. Mu 2021, kafukufuku wa DNA ya m'mafupa akale amene anatuluka m'magazini ya Science Advances anapeza kuti Aetruska sankasiyana magazi kwenikweni ndi anansi awo olankhula Chilatini. Chodabwitsa chili pamenepo: magazi amodzi, koma zinenero ziwiri zopanda ubale uliwonse.

Kodi n'zoona kuti palibe amene amatha kuwerenga zolemba zawo?

Ayi. Kuwerenga amawerenga, kumva ndiye kumavuta. Zilembo anatengera kwa Agiriki amene anakhazikika pafupi ndi Naples m'ma 700 BC, n'kumalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere. Katswiri amatha kutchula liwu lililonse mokweza. Vuto n'lakuti Chietruska sichili pachibale ndi Chilatini, Chigiriki kapena zinenero zina zazikulu za ku Ulaya. Abale ake odziwika ndi awiri okha, onse anafa kalekale: chinenero cholembedwa pa mwala wina wa pa chilumba cha Lemnos, ndi cha anthu a ku Raetia m'mapiri a Alps.

Zolemba zimene zapezeka ndi pafupifupi 13,000, koma zambiri n'zazifupi, za pamanda: uyu ndi uje, mwana wa uje, anakhala zaka zakutizakuti. N'chifukwa chake mawu apabanja ndiwo odziwika bwino. Clan ndi mwana wamwamuna, sec mwana wamkazi, puia mkazi wa munthu, avil chaka. Koma munthu sangadziwe chinenero chonse powerenga miyala ya kumanda yokha.

Cholembedwa chachitali koposa chinapulumuka mwamwayi wosaneneka. Linali buku la nsalu ya bafuta, kalendala ya miyambo yachipembedzo, limene linakapezeka ku Egypt. Kumeneko wina analing'amba n'kukulungira mtembo wa mayi wina. Mtembowo unagulidwa ku Alexandria mu 1848, n'kukathera ku Zagreb m'dziko la Croatia, ndipo panadutsa zaka zoposa 40 anthu asanazindikire kuti zolembedwa pa nsanzazo n'Chietruska. Mawu owerengeka ndi pafupifupi 1,200. Kenako mu 1964 ku Pyrgi, doko la mzinda wa Caere, kunapezeka timapale titatu tagolide ta cha m'ma 500 BC, tiwiri m'Chietruska, kamodzi m'Chifoinike. Timanena za wolamulira Thefarie Velianas amene anapereka malo opatulika kwa mulungu wamkazi Uni, amene Afoinike ankamutcha Astarte. Anthu anaganiza kuti basi chinenero chonse chatseguka. Timapaleto tinathandizadi, monga potsimikiza kuti ci ndi 3, koma mawu ake ndi ochepa ndipo mbali ziwirizo sizifanana liwu ndi liwu.

Chimene chimapweteka ndi mabuku. Aetruska anali ndi mabuku awoawo achipembedzo, ndipo mfumu Claudius ya Roma, imene inalamula kuyambira 41 mpaka 54 AD, inalemba mbiri yawo m'mabuku 20. Kupatula nsanza za buku la bafuta lija, palibe ndi limodzi lomwe limene linatsala. Ndiye chinsinsi cha Aetruska chimene anthu amakonda kuchitchulachi si matsenga. Ndi mtundu umene mabuku ake anatayika, mbiri yake n'kutsala m'kamwa mwa adani ndi opikisana nawo.

Chuma chawo chinachokera kuti?

M'nthaka. Chilumba cha Elba chinali ndi miyala yambiri yachitsulo, ndipo mapiri a kumadzulo kwa Tuscany anali ndi mkuwa ndi mtovu. Miyala ya ku Elba inkawoloka pangalawa kupita ku Populonia, mzinda waukulu wokhawo wa ku Etruria umene unamangidwa pagombe penipeni, kumene ng'anjo zinayaka zaka mazanamazana. Zotsalira za m'ng'anjozo zinaunjikana mpaka kukwirira manda akale. M'ma 1900, makampani atayamba kufukula miluyo kuti asungunulenso chitsulo chimene chinatsalamo, mandawo anatulukira pansi pake.

Chitsulo chinakoka Agiriki ndi Afoinike. Iwo ankabweretsa minyanga ya njovu, mafuta onunkhira, mazira a nthiwatiwa okongoletsedwa ndi mbiya zojambulidwa. Mbiya zambiri za ku Athens zimene lero zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale sizinapezeke ku Greece, koma m'manda a Aetruska, makamaka ku Vulci. Aetruska nawonso ankagulitsa zipangizo zamkuwa, ziwiya zawo zakuda zonyezimira zotchedwa bucchero, ndi vinyo. Mitsuko yawo ya vinyo yapezeka mpaka kummwera kwa France, monga ku Lattes pafupi ndi Montpellier.

Ulimi usaiwalike. Kuzungulira Veii anaboola ngalande zapansi m'thanthwe lofewa, zotalika makilomita ambiri, zochotsa madzi m'madambo kuti mukhale minda. Zina mwa izo zikuyendabe madzi.

Kodi anali ndi ufumu umodzi?

Sanakhalepo nawo. Mzinda uliwonse unali dziko paokha, poyamba pansi pa mfumu, kenako pansi pa mabanja ochepa olemera. Olemba achiroma amatchula mgwirizano wa mizinda 12, imene atsogoleri ake ankakumana chaka ndi chaka pa malo opatulika a mulungu Voltumna pafupi ndi Volsinii, mzinda umene ambiri amati ndi Orvieto wa lero. Kumeneko kunkachitika nsembe, masewera ndi msika. Koma gulu limodzi lankhondo kunalibe, ndipo zimenezi zinadzawaonetsa zakuda.

Kodi mphamvu zawo zinafika mpaka pati?

M'ma 500 BC zinadutsa malire a Etruria mbali zonse ziwiri. Kumpoto, kuseri kwa mapiri a Apennines, m'chigwa cha mtsinje wa Po, kunali Felsina amene lero ndi Bologna, kunali Mantua, komanso doko la Spina pa nyanja ya Adriatic. Kummwera, ku Campania, mzinda wawo waukulu unali Capua.

Wofuna kuona mmene ankaganizira za mzinda apite ku Marzabotto, pafupi ndi Bologna. Mizinda yakale ya ku Etruria inakula motsatira mmene zitunda zake zinalili, koma uwu anachita kuuyeza cha m'ma 500 BC: msewu waukulu umodzi wochokera kumpoto kupita kummwera, ina itatu yodutsa chopingasa, uliwonse wa mamita 15 m'lifupi, ngalande zili m'mbali. Pansi pa mphambano yapakati ofukula anapeza mwala wolembedwa kamtanda koloza mbali zinayi za dziko. Mzindawu unasiyidwa anthu a mtundu wa Celt, amene Aroma ankawatcha Galli, atalowa m'chigwacho cha m'ma 400 BC, ndipo popeza pamwamba pake sipanamangidwenso mzinda wina, mizere yake ikuonekabe.

Panyanja anapikisana ndi Agiriki. Cha m'ma 540 BC anagwirizana ndi mzinda wa Carthage n'kumenyana ndi Agiriki pafupi ndi Alalia, ndipo Agirikiwo anachoka pa chilumba cha Corsica. Zinthu zinatembenuka mu 474 BC, pamene Hiero wa ku Syracuse anagonjetsa ngalawa zawo pafupi ndi Cumae. Chisoti china cha msilikali wachietruska chimene Hiero anakapereka kwa Zeus ku Olympia, atachilemba za kupambana kwakeko, lero chili ku British Museum ku London.

Nanga Roma anatengako chiyani?

Zambiri, ndipo Aroma eniake sankabisa. Mwa mafumu 7 amene mbiri yawo imati analamula mzindawo, atatu omaliza amalumikizidwa ndi Etruria. Tarquinius Priscus akuti anachokera ku Tarquinia n'kulowa ufumu mu 616 BC. Servius Tullius, malinga ndi Claudius uja, Aetruska ankamudziwa ndi dzina lakuti Mastarna, ndipo m'manda ena ku Vulci muli chithunzi cha msilikali wa dzina lomwelo. Womaliza, Tarquinius Superbus, anapirikitsidwa mu 509 BC. Zaka zimenezi zinalembedwa patapita nthawi yaitali, choncho si zoti munthu angalumbirirepo, koma nthaka ikuvomereza mfundo yaikulu: m'nyengo imeneyi dambo la pakati pa mapiri a Roma linaumitsidwa n'kukhala bwalo lalikulu la mzinda, Forum. Ngalande yake, Cloaca Maxima, ikuthirabe mu Tiber. Kachisi wa Jupiter pa phiri la Capitol anamangidwa mwa kamangidwe kachietruska, ndipo chiboliboli cha mulunguyo chinaumbidwa ndi Vulca, mmisiri wa ku Veii. Msewu wina wochoka pa Forum unkatchedwa Vicus Tuscus, msewu wa Aetruska.

Zizindikiro za ulamuliro nazo zinachokera komweko: mpando wopinda wa minyanga ya njovu, mkanjo wa mpendero wofiirira, ndi mtolo wa ndodo womangidwa pamodzi ndi nkhwangwa, umene atumiki ankanyamula patsogolo pa wolamulira posonyeza kuti ali ndi mphamvu zokwapula ndi kupha. Mtolowu ankautcha fasces, ndipo Mussolini, wolamulira wa Italy, anatengerapo dzina la chipani chake patapita zaka zoposa 2,000.

Koma cholowa chozama chinali cha chipembedzo. Kwa Aetruska, mzinda sunali chabe nyumba zambiri pamodzi. Unali malo opatulidwa, ndipo malire ake ankawalemba ndi khasu lokokedwa ndi ng'ombe yamphongo ndi yaikazi, n'kumanyamula khasulo pamene padzakhale chipata. Aroma ankatsatira mwambo womwewu poyambitsa mizinda yawo yatsopano, ndipo ankautcha mwambo wachietruska. Ankadaliranso oombeza achietruska, otchedwa haruspices, amene ankawerenga chifuniro cha milungu m'chiwindi cha nkhosa yansembe ndi m'mphezi. Mu 1877 mlimi wina pafupi ndi Piacenza anafukula chiwindi chamkuwa chogawidwa m'zigawo pafupifupi 40 zolembedwa mayina a milungu, 16 za m'mphepete zikuimira mbali za thambo. Wolemba wachiroma Seneca anafotokoza kusiyana kwa mitundu iwiriyi bwino lomwe: Aroma ankati mphezi imang'anima chifukwa mitambo yawombana, pamene Aetruska ankati mitambo imawombana dala kuti mphezi ing'anime ndi kupereka uthenga. Woombeza amene anachenjeza Julius Caesar za ngozi asanaphedwe pa 15 Marichi 44 BC anali Spurinna, dzina lachietruska. Ngakhale mu 408 AD, Roma ali kale wachikhristu ndipo mdani wake Alaric atazinga mzindawo, oombeza a ku Etruria anabwerabe kudzapereka thandizo lawo.

Pali chinanso chimene chatifika ife tomwe. Zilembo zachigiriki zinafika kwa Aroma zitadutsa m'manja mwa Aetruska, ndipo chala chawo chikuonekabe. Chietruska chinalibe liwu la g, choncho chilembo chachitatu cha Agiriki, gamma, anachisandutsa cha k. Aroma anachilandira chotero, C, ndipo m'ma 200 BC anachita kuwonjezera kamzere kuti apange G. Zilembo zachilatini zimenezo ndi zomwe timalembera Chichewa.

Kodi pamenepa sitikuwapatsa ulemu wopyola muyezo?

Ena amatero ndithu. Kawirikawiri mumamva kuti Aetruska ndiwo anatulukira chipata chokhota pamwamba chomangidwa ndi miyala. Zipata zawo za ku Volterra ndi ku Perugia n'zochititsa kasodi, koma luso limeneli linalipo kale ku Mesopotamia. Masewera a anthu omenyana mpaka kuphana m'mabwalo a Roma nawo amanamiziridwa Aetruska, pamene umboni wambiri ukuloza ku Campania. Ndipo Roma sanakhalepo mzinda wachietruska. Anthu ake sanasiye kulankhula Chilatini. Kunena zoona n'kwakuti pakati pa Italy panali mizinda yoyandikana yobwerekana amisiri, milungu ndi akazi okwatiwa, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 olemera ndi otsogola pa gululo anali Aetruska.

Akuti akazi awo anali ndi ufulu wodabwitsa. Zoona?

Poyerekeza ndi a ku Athens, inde. Pa zithunzi za m'manda akazi amaoneka atatsamira pa kama limodzi ndi amuna awo paphwando, kapena akuonerera masewera pagulu. Bokosi lamaliro ladothi lochokera ku Cerveteri, la cha m'ma 520 BC, limene lili ku Villa Giulia ku Roma, likuonetsa mwamuna ndi mkazi wake atatsamirana, akumwetulira. Mkazi wachiroma ankangotchedwa ndi dzina la banja la bambo ake, koma wachietruska anali ndi dzina lakelake, monga Ramtha kapena Larthia, ndipo pamanda ambiri ankalemba dzina la mayi wa womwalirayo pamodzi ndi la bambo. Wolemba wachigiriki Theopompus anaona zonsezi ngati chiwerewere, koma iye ankalemba za opikisana nawo pamalonda.

Wowerenga wozolowera mwambo wa Achewa, woti ana ndi akuchikazi, asafulumire kuona chikamwini pamenepa. Dzina la banja linkachokera kwa bambo, ndipo maudindo a boma anali a amuna. Komanso amene timawaona pa zithunzizi ndi akazi a mabanja olemera. Akapolo amene akuthira vinyo pa zithunzi zomwezo mbiri yawo sinalembedwe.

N'chifukwa chiyani nkhani zawo zimangokhala za manda?

Chifukwa ndi zimene zinatsala. Nyumba ndi akachisi ankamanga ndi mitengo ndi njerwa zosawotcha, ndipo mizinda yambiri ili pansi pa mizinda ya lero. Manda okha ndiwo ankawasema m'thanthwe. Ku Banditaccia, pafupi ndi Cerveteri, manda ali m'mizere ndi misewu yake, ndipo mkati muli zipinda, makama, mipando ndi mitanda ya denga, zonse zosemedwa pamwala. Ku Monterozzi, pafupi ndi Tarquinia, manda pafupifupi 200 ali ndi zithunzi za ovina, oimba zitoliro, asodzi ndi mbalame. Malo awiriwa analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2004.

Chuma cha m'mandamo chinakokanso akuba. Mu 1971 mbava zinafukula ku Cerveteri mbiya yaikulu yojambulidwa ndi Euphronios wa ku Athens, ndipo chaka chotsatira Metropolitan Museum ya ku New York inaigula pa mtengo wa madola 1 miliyoni. Inabwezedwa ku Italy mu 2008.

Anatha bwanji?

Mzinda umodziumodzi. Veii anali pa mtunda wa makilomita 16 okha kuchokera ku Roma, ndipo awiriwa ankalimbirana mchere ndi njira za pa Tiber. Mu 396 BC mkulu wankhondo wachiroma Camillus analanda mzindawo, anthu ake n'kugulitsidwa ukapolo, chiboliboli cha mulungu wawo wamkazi n'kusamutsidwira ku Roma. Wolemba mbiri wachiroma Livy akuti Aetruska anzawo atakumana kwa Voltumna anakana kutumiza gulu lankhondo. Mizinda ina inadzatsatira, wina pogonja pankhondo, wina posaina pangano.

Nkhani ya Volsinii ndiyo imaulula zambiri. Kumeneko anthu wamba amene kale anali akapolo analanda ulamuliro, ndipo olemera a mumzindamo anaitana okha Aroma kuti adzawathandize. Mu 264 BC Aroma anabwera, anagwetsa mzindawo, anasamutsira otsala kufupi ndi nyanja ya Bolsena, n'kunyamula ziboliboli zimene akuti zinali 2,000. Mabwana a ku Etruria anaona kuti kugwadira Roma n'kwabwino kusiyana ndi kugawana mphamvu ndi antchito awo, ndipo ambiri zinawayendera. Mu 205 BC, mkulu wankhondo wachiroma Scipio akukonzekera kukamenya Carthage, Populonia anapereka chitsulo, Tarquinia nsalu za matanga a ngalawa, Arezzo zishango ndi mikondo. Cha m'ma 90 BC Aetruska anapatsidwa unzika wa Roma. Maecenas, mnzake wapamtima wa mfumu Augustus, anali wa banja lachifumu la ku Arezzo. Anthuwo sanathe, anangosiya chinenero chawo n'kutenga Chilatini, chimene chinkatsegula zitseko za ntchito ndi maudindo. Pofika m'zaka 100 zoyambirira za AD, Chietruska chinali chitasiya kulembedwa.

Kodi pali zatsopano zimene zikupezekabe?

Zilipo. Mu 2022, ku San Casciano dei Bagni ku Tuscany, ofukula anatulutsa ziboliboli 24 zamkuwa m'matope a kasupe wamadzi otentha, kumene odwala ankapita kukapempha machiritso. Matopewo anaziteteza kwa zaka pafupifupi 2,000. N'za nyengo imene Etruria ankasanduka chigawo cha Roma, ndipo zolembedwa pa zina zili m'Chietruska, pa zina m'Chilatini, zonse zoponyedwa m'dziwe limodzi.